Chilolezo Changa ndi Nyumba ya a Zakariya

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu azakhali anu anakufotokozerani kale, ndipo amazikometsa kuposa mmene zinalili, choncho sindibwereza. Ine ndiyambira pa Mchinji, pomwe ndinagwira ntchito moyo wanga wonse, pomwe ndinakumana ndi bambo anu, pomwenso inu munabadwira. Mumangodziwa kuti mayi anu ankagwira ya ngongole za nyumba, koma sindinakhalepo nanu pansi kukuuzani zomwe maso angawa anaona pa ntchitoyo. Tsopano nthawi ndili nayo, ndipo dzanja likadagwirabe cholembera.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Ndinatsika basi pa boma nyengo ya dzinja, mvumbi uli tsoo, nditanyamula sutikesi yamalata. Anandilemba ukalaliki m'bungwe lina laling'ono lobwereketsa ndalama kwa anthu ofuna kumanga, kugula kapena kumalizitsa nyumba, ndipo chikole cha ngongoleyo chinkakhala nyumba yomweyo. Likulu lathu linali ku Lilongwe. Ife kuno tinali ndi zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zipangizo za njinga, taipi imodzi yokalamba, ndi njinga yamoto yomwe inkalira ikafuna yokha. Obwera kwa ife ambiri anali aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'boma, ndi alimi a fodya omwe anali ndi malo a lizi m'misika ing'onoing'ono ya m'mbali mwa msewu.

Bwana wanga woyamba anali a Kaliwo, bambo wamtali, wolankhula modekha, yemwe ankavala jekete lotuwa lomwelomwelo ngakhale mu Okutobala. Masiku amenewo kunalibe lamulo lofuna kuti wogwira ntchito ngati yathu alembe mayeso kapena akhale ndi chilolezo chakechake. Aliyense ankagwira monga mtima wake unkamuuzira, ndipo mtima wa a Kaliwo unali ndi malamulo ake. Sankalola ngongole iliyonse kutuluka asanapite okha kukaona malowo. Akafika sankafuna kulankhula ndi mwamuna yekha: ankadikira mpaka mayi wa pakhomopo abwere kuchokera kumunda, ndipo ngati malume wa banjalo ali pafupi, ankamuitanitsanso. Akakhala pakhonde sankayamba ndi zokoma. Ankayamba ndi kufotokoza zomwe zidzachitike fodya akadzaonongeka ndi mvula yamatalala, kapena malipiro akadzachedwa, kapena bambo akadzamwalira ngongole isanathe.

Ulendo woyamba kunditenga unali wa ku Ludzi, kwa mphunzitsi wina yemwe ankafuna kumanga nyumba ya zipinda zinayi. A Kaliwo atamaliza kufotokoza, mkazi wa mphunzitsiyo anati iye sangagone tulo m'nyumba yotero, bola amange ya zipinda ziwiri ndi ndalama zawo zomwe. Tinabwerako chimanjamanja. Pa njira njinga inazima monga mwa chizolowezi chake, ndipo tikuikankha ndinalimba mtima kuwafunsa chifukwa chomwe ankaopsezera anthu omwe abwera okha kudzatipatsa bizinesi.

Anayankha osandiyang'ana kuti: "Mwana wanga, munthu wofuna nyumba amangoona denga lokha. Ntchito yathu ndi kumuonetsa ndi bwalo lomwe, pamene katundu wake adzaunjikidwe akalephera. Akaona zonse ziwiri n'kunenabe kuti inde, ameneyo ndiye wathu."

M'zaka zimenezo ndinayenda boma lonseli kumbuyo kwa njinga ija, nditakhala chammbali, chitenje ndili nacho m'manja kuti chisalowe m'sipokosi. Zomwe ndinaona zinandichititsa kulemekeza anthu a kuno mpaka lero. Ndinaona banja lina ku Dambe lomwe linkagula lata limodzi kapena awiri chaka chilichonse akagulitsa mtedza, n'kumawasunga pansi pa bedi, ana n'kumakula akugona pamwamba pa denga lawo lam'tsogolo. Njerwa anaumba okha, uvuni anaotcha okha, mchenga ankasenza pamutu kuchokera kudambo. Kwa ife anangobwera kudzafuna za simenti ndi mafelemu. Tsiku lokhoma malata anatiitana, ndipo mmisiri atakhoma msomali wotsiriza, bambo wa pakhomopo analowa m'nyumba yopanda zitseko ija, naima pakati, n'kumangoyang'ana kumwamba. Ine, mtsikana wa ku ofesi wa nsapato zazitali, ndinadziona wamng'ono zedi. Kuyambira tsiku limenelo pepala la chikole ndinkaligwira ndi manja awiri.

Zaka za m'ma 2000, ndi kubwera kwa chilolezo

A Kaliwo anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, ine n'kukwezedwa kukhala woona za ngongole. Dziko linali litasintha. Obwereketsa ndalama anachuluka ngati bowa wa m'dzinja, ena a maofesi enieni, ena a katapila oyenda ndi zikwama m'misika. Tinkamva za anthu olandidwa nyumba asakudziwa n'komwe kuti anaiika pa chikole. Bungwe lathu nalo linagulidwa ndi eni atsopano, ndipo anatitumizira bwana wina kuchokera mu mzinda, a Mwale. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Anali wochangamuka, wansangala, ndipo ndi iwo anatibweretsera makompyuta ndi galimoto. Koma ku likulu ankawayeza ndi kuchuluka kwa ngongole zotuluka mwezi uliwonse, ndipo munthu woyezedwa choncho saona chifukwa chodikirira mayi abwere kuchokera kumunda.

Kenaka boma linakhwimitsa malamulo. Kunabwera uthenga woti aliyense wokonza ngongole yokhudza nyumba ya munthu ayenera kuphunzira, kulemba mayeso ndi kulandira chilolezo kuchokera kwa oyang'anira mabungwe a zachuma. Pa ofesi yathu anasankha ine. Ndinapita ku Lilongwe ndili ndi imvi kale, n'kukakhala pa desiki pakati pa anyamata ndi atsikana a msinkhu womwe uli nawo lero iwe Chikondi, omwe ankanditcha amayi n'kumandisungira malo kutsogolo. Masamu a chiwongoladzanja anandipweteka mutu, sindinama. Koma tsiku lomwe anayamba kutiphunzitsa za ufulu wa wobwereka, ndinaika cholembera pansi n'kutchera khutu. Ankati wobwereka ayenera kufotokozeredwa m'chilankhulo chomwe amamva. Ankati auzidwe poyera zomwe zidzachitike akalephera kubweza. Ankati mkazi kapena mwamuna wake adziwe ndi kuvomereza, ndiponso apatsidwe nthawi yokaganiza asanasaine. Zonse zomwe a Kaliwo ankachita pakhonde la anthu, ena n'kumawaseka kuti ndi achikale, zinali zitalembedwa m'buku la malamulo a dziko. Ndinamva ngati ndaona munthu wa kwathu atavekedwa ulemu pa bwalo lalikulu. Ndinatuluka panja nthawi ya tiyi n'kukapukuta maso kuseri kwa nyumba.

Pa mayeso a pakamwa, mayi wina wamng'ono kwa ine anadziyerekeza kukhala mlimi wosadziwa kuwerenga, nandiuza kuti ndimufotokozere ngongole m'Chichewa chenicheni, osaponyamo Chingerezi. Apo ndiye ndinali pa khomo panga. Nditamaliza anangomwetulira. Potipatsa zilolezo anatiuza mawu omwe sindinawaiwale: chilolezocho si cha kampani, ndi cha munthu; kampani ikhoza kutha, koma dzina lomwe lasaina lidzafunsidwabe. Ndinabwera nacho pa minibasi nditachifungatira pachifuwa, ndipo bambo anu anachiika m'felemu lagalasi asanandilole kupita nacho ku ofesi.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta

Mukukumbukira nyengo ija magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta, simenti n'kusowa, sopo n'kumachokera ku Chipata. Galimoto yathu inangokhala pansi pa mtengo, matayala n'kuphwa. Ine ndinkayenda pa kabaza kukaona nyumba zapafupi, koma zakutali zinkadikira, ndipo ngongole zotuluka zinachepa. Apa ndi pomwe a Mwale anaganiza zogwiritsa ntchito maejenti, anthu a m'misika omwe ankawapezera obwereka n'kumalandira kangachepe pa aliyense. Mmodzi wa iwo anali mkulu wina wosintha ndalama pa boda, wolankhula mokoma kwambiri. Mapepala a maejentiwo sankadutsa pa tebulo langa. Nditafunsa anandiuza kuti ndi ngongole zazing'ono za alimi, zosakhudza nyumba, ndipo ndinakhulupirira.

Tsiku lina m'mawa kunalowa bambo wachikulire, atavula chipewa asanafike ndi pakhomo pomwe. Anati dzina lawo ndi a Zakariya, kalipentala wa ku Guilleme. Manja awo anali okhakhala, chala chimodzi chodukira pa mfundo. Anati kwabwera anthu kudzamata pepala pa chitseko chawo, ndipo mphunzitsi woyandikana nawo wawauza kuti pepalalo likunena kuti nyumba yawo igulitsidwa pa okushoni. Anafunsa mwaulemu ngati mwina pali kulakwitsa kwa dzina. Anafotokoza kuti chaka chapitacho mkulu wa pa boda uja anawapezera ngongole yowonjezera chipinda chogwiriramo ntchito, poti mvula inkawaonongera matabwa. Mkuluyo anawauza kuti chikole ndi mtedza wa chaka chimenecho, nawapempha mapepala a lizi kuti ndi ongotsimikizira kumene amakhala. Anasaina ataimirira, pa chishalo cha njinga. Akazi awo sanadziwe kanthu mpaka ndalama zitafika. Mtedza unakanika, iwo n'kudwala miyezi ingapo, kubweza n'kuima.

Ndinawapempha kuti akhale panja pang'ono, n'kulowa kwa a Mwale. Anandilandira bwino, natseka chitseko, nandiuza kuti ankafuna kundiitana kale pa nkhani yomweyo. Ogulitsa pa okushoni anali atafunsa kuti ngongoleyo inakonzedwa ndi ndani, ndipo malo a dzina la munthu wa chilolezo anali osalembedwa. Anandipempha kuti ndisaine, ndiike tsiku la chaka chatha, ngati kuti ndinafika ku Guilleme n'kufotokozera banjalo. Anati pali ena angapo otero, ndipo likulu likawadziwa ofesi yathu itsekedwa, anthu onse ogwira ntchito pamenepo apite kwawo.

"Mayi Mbewe, ndalama anatenga, sanakane. Inu mukungomaliza pepala basi."

"Bwana, pepalalo likunena kuti ine ndinakhala nawo pansi, iwo ndi akazi awo. Ine bambowa ndawaona lero."

Sanakalipe. Anangondikumbutsa kuti ndili ndi ana ku sekondale, kuti pa msinkhu wanga ntchito ina sindingaipeze, ndipo anandipatsa mpaka sabata yotsatira kuti ndiganize.

Kukana kusaina sikunandivute. Chomwe chinandilemera chinali chotsatira chake. Ndinadziwa kuti ndikangokana n'kukhala chete, adzapeza wina wa chilolezo ku ofesi ina n'kusaina, nyumba n'kupita. Lamulo linkati wa chilolezo akaona zotere akanene kwa oyang'anira. Koma kukanena kunali kuneneza bungwe lomwe linandilera, ndi kuika pa moto anzanga omwe ndinkadya nawo chimanga chootcha masana, omwe analibe mlandu uliwonse. Loweruka lake ndinakhala ndi bambo anu kudimba kwathu, tikupalira ndiwo, n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Sanandiuze chochita. Anangoti malipiro awo a uphunzitsi ndi ochepa koma sanaphepo munthu ndi njala, ndipo ngati ana adzafunika kusiya sukulu yogonera komweko n'kumayendera, miyendo ali nayo. Inu simunadziwe kuti tsiku limenelo tsogolo lanu linakambidwa pakati pa mabedi a mpiru.

Lolemba ndinauza a Mwale pamaso kuti sindisaina, ndiponso kuti ndikupita kukanena, chifukwa sindinafune kuwachita chiwembu kumbali. Ndinadikira minibasi theka la tsiku, n'kukafika ku Lilongwe madzulo. M'mawa mwake oyang'anira anandimvetsera mwachidwi, nalemba zonse, nati afufuza. Koma anandiuzanso zoona kuti zinthu zili ndi ndondomeko yake, nawonso mafuta alibe, ndipo sakulonjeza kuti kalata yoimitsa malondawo ifika tsiku la okushoni lisanakwane. Sinafikedi. A Mwale nawo, poganiza kuti nyumba ikagulitsidwa nkhani ivuta kuibweza, sanaimitse kanthu.

Tsiku la okushoni

Palibe anandituma ku Guilleme. Ndinangoona kuti sindingakhale pa tebulo nthawi imeneyo. Ndinakwera kabaza, n'kufika dzuwa litakwera pang'ono. Nyumba ya a Zakariya inali ya njerwa zootcha, yamalata, yosesedwa bwino, ndipo chipinda chatsopano chija chinali pambali, chisanaikidwe ndi pulasitala yemwe. Anthu anali atadzaza kale bwalo mpaka kumsewu: alimi ndi makasu awo, amayi a m'miphakati ya mpingo, aphunzitsi, ogulitsa pa msika. Koma ndinaona kuti ogula enieni abweranso. Panali wamalonda wina wa pa Kamwendo, wogula chimanga ndi mtedza, wodziwika kuti pa ndalama alibe mbale. Panalinso bambo wina wa ku Zambia yemwe ankafuna malo osungira katundu kufupi ndi msewu, ndi ena awiri atatu a pa boma omwe ndinkawadziwa nkhope. Nyumba ya pa okushoni imapita motchipa, aliyense amadziwa.

A Zakariya anaima pakhomo pawo atavala malaya oyera opita nawo ku tchalitchi, chipewa chili m'manja. Akazi awo anakhala pansi pafupi ndi khonde, atatambasula miyendo, akuyang'ana zala zawo. Sanalire, sanapemphe aliyense. Wogulitsa wa okushoni anakwera pa benchi, nawerenga za nyumbayo m'Chingerezi ndi m'Chichewa, natchula mtengo woyambira.

Palibe anayankha.

Anabwereza, akuyang'ana wamalonda wa pa Kamwendo uja. Iye anapinda manja pachifuwa n'kumayang'ana pansi. Wogulitsa anaseka pang'ono, nati anthu a kuno ndi ochenjera, akudikira mtengo utsike. Anautsitsa. Kunali zii. Anautsitsanso, kufika poti ine ndinadziwa kuti malata okhawo ndi okwera kuposa pamenepo, ndipo ndinatseka maso kudikira liwu loyamba. Silinabwere. Ana anga, ine ndakhalapo pa maliro ambiri, ndakhalapo m'tchalitchi nthawi yomwe mpingo wonse umagwada, koma bata ngati limenelo sindinalimvepo. Khamu lonse lija, ana omwe, ngati munthu mmodzi wogwira mpweya. Ndinkamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba. Ndinkamva malata akuthetheka ndi dzuwa. Mayi wina pafupi nane anali ndi khanda kumbuyo, ndipo litayamba kung'ung'udza anangoligwedeza pang'ono, nalo n'kukhala chete ngati lamva. Ndinazindikira kuti ndikuona chinthu chachikulu kuposa lamulo lomwe ndinaphunzira, kuposa bungwe lathu, kuposa ine ndi kulimba mtima kwanga komwe ndinkadzitama nako mumtima pa kabaza paja.

Wogulitsa anayesa komaliza, namutchula wamalonda uja mwachindunji, kuti mwayi wotere sudzapezekanso. Apo ndi pomwe anadzutsa mutu.

"Ine ndinabwera kuti ndigule, sindinama. Koma bokosi lomwe ndinaikira mayi anga anakhoma ndi bambo awa, ndili mnyamata wopanda kanthu. Ndawaona pakhomopo, manja andifoka. Gulitsani kwa ena."

Enawo sanapezeke. Wa ku Zambia uja, yemwe anaima pafupi nane ndipo sankadziwa kuti ndine yani, anandinong'oneza m'kalankhulidwe ka kwawo kuti: "Amai, ine nabwela na ndalama, koma apa ni monga pa malilo. Pa malilo sitigula." Anatembenuka n'kumapita ku galimoto yake.

Wogulitsa anatsika pa benchi, napinda mapepala ake, nanena kuti malonda alephereka, adzalengezanso tsiku lina. Ngakhale pamenepo palibe anaimba nthungululu kapena kuomba m'manja. Anthu anayamba kubalalika pang'onopang'ono, aliyense kunyamula khasu lake, ena kudutsa pakhomo n'kuwerama pang'ono kwa a Zakariya. Pambuyo pake ndinafunsa aphunzitsi, ndinafunsa amayi a mpingo, ngati panali msonkhano wogwirizana kuti pasapezeke wogula. Onse anakana. Anati aliyense anangobwera kudzaona, ndipo atafika anapeza kuti pakamwa sipakutseguka. Mpaka lero sindidziwa kuti chimenecho ndichitche dzina lanji.

Zotsatira zake

Tsiku lina lija silinafike, chifukwa oyang'anira anabwera lisanalengezedwe. Anakhala pa ofesi yathu akufunsa aliyense payekha, napitanso ku Guilleme ndi kwa ena omwe anasainitsidwa ndi maejenti. Anagamula kuti chikole chotengedwa ndi munthu wopanda chilolezo, banja lisanafotokozeredwe, sichingagwiritsidwe ntchito kulanda nyumba. Mapepala a lizi anabwezedwa kwa eni ake. Maejenti anathetsedwa, bungwe linalandira chilango, a Mwale anasamutsidwa. Ofesi sinatsekedwe monga ankaopera, koma anzanga awiri anachotsedwa pochepetsa antchito, ndipo mmodzi wa iwo sanandilankhulenso mpaka anachoka pa boma pano. Chimenecho chimandipwetekabe. Ine sanandichotse, poti popanda wa chilolezo ofesi sikanagwira ntchito, koma kukwezedwa kunathera pomwepo. Mabwana atsopano ankabwera n'kupita, onse aang'ono kwa ine, ndipo aliyense ankafika atauzidwa kale kuti mayi a pa tebulo lapakona aja ndi ovuta. Ndi chifukwa chake iwe Madalitso unamaliza sekondale ukuyendera pa njinga.

A Zakariya anabwera okha ku ofesi, pamodzi ndi akazi awo nthawi ino, nati amva kuti nyumba yapulumuka koma sanamve kuti ngongole yafa. Tinakhala pansi atatu, ndinawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi monga zinayenera kukhalira kale, n'kukonza kabwezedwe kogwirizana ndi mphamvu zawo. Anabweza pang'onopang'ono, ndi mabenchi, zitseko ndi mabokosi, mpaka inatha. Itatha anatulukira tsiku lina atamanga mpando pa njinga, wa mlombwa, wokhala ndi poika manja, wosalala ngati galasi. Anati ndi wanga. Ndinaukhudza, ndinaufuna ndi mtima wonse, koma ndinawauza kuti chilolezo changa sichindilola kulandira mphatso kwa munthu yemwe ndamugwirira ntchito. Anandifunsa kuti lamulo limeneli lidzandimasula liti. Ndinaseka n'kunena kuti pokhapokha ndikadzapuma ntchito. Anagwedeza mutu, namanganso mpando wawo pa njinga, n'kumapita.

Chaka chopuma ntchito

Panadutsa zaka zambiri ndithu, ndipo nkhani ya mpando ndinaiwala. Za a Zakariya ndinkangomva kuti maso ayamba kuwavuta ndipo ntchito anasiyira ana awo. Ku ofesi anandikonzera kaphwando kakang'ono, anandipatsa chitenje ndi wotchi yapakhoma, ndipo ndinachotsa felemu langa pa khoma n'kubwera nalo kunyumba.

Sabata yomweyo, masana ena ndikusenda chinangwa pakhonde, ndinaona ngolo ya ng'ombe ikuima pa geti pathu. Anatsika mayi wina wamkulu ndithu, mwana wa a Zakariya, nawathandiza bambo ake kutsika. Anali atakalamba kwambiri, akuyenda ndi ndodo, maso atachita nkhungu. Kumbuyo kwa ngoloyo kunali chinthu chokutidwa ndi bulangete. Mwana wawoyo anandiuza kuti zaka zonsezo mpandowo unkakhala kuchipinda, palibe ankaloledwa kukhalapo, ngakhale alendo olemekezeka, ndipo bambo ake ankaupaka mafuta okha chaka ndi chaka. Aliyense wa ku Guilleme wobwera pa boma ankatumidwa kufunsa ngati mayi aja apuma.

Anauika pakhonde. A Zakariya anaupapasa ndi manja awo okhakhala aja mpaka anapeza poika manja, nautembenuzira kwa ine.

"Mayi, lamulo lakumasulani tsopano?"

Ndinati landimasula.

"Ndiye khalani pansi, ndimve ngati ukugwedera."

Ndinakhala. Iwo anawerama, natchera khutu, dzanja lili pa msana wa mpandowo. Sunagwedere.